Miyala Iwiri Pansi pa Tayala

Nkhani iyi ndinaimva koyamba chaka chomwe ndinkakazinga masoseji pa malo omwetsera mafuta ku Folldal, kamudzi ka m'chigwa pakati pa mapiri, kudziko lozizira la kumpoto. Ntchito ndagwira zambiri ine, ndipo palibe komwe ndinakhalitsa, koma chigwa chimenecho ndimachisowabe. Unali mwezi wa Seputembala. Nkhosa anali atazitsitsa kale kumapiri, alendo atatha, mumsewu muli zii. Madzulo ena kunabwera mkulu wina wamtali pa galimoto yogonamo yakalekale. Anagula khofi, nakhala pafupi ndi zenera. Dzina lake anati ndi Oddvar. Sindinamufunse kanthu. Anangoyamba yekha, maso ali ku phiri.

Oddvar anali kalipentala ku Hamar zaka makumi anayi. Mkazi wake, Jorunn, anali mphunzitsi, mwana wa kumapiri, wokulira pa famu ya mbuzi. Chiyambire ukwati wawo Jorunn ankapempha chinthu chimodzi: adzayende awiriwiri m'mapiri otetezedwa aja, Jotunheimen, Dovre, Rondane, osathamanga, kugona paliponse pomwe dzuwa lawalowera. Oddvar ankangoti chaka chamawa. Atapuma pa ntchito zifukwa zinamuthera. Anagula galimoto ija, n'kunyamuka.

Masabata awiri oyamba anayenda bwino. Ankakangana za mapu, kudya buledi wa tchizi chofiirira atakhala pa miyala, kugona mofulumira. Chomwe Jorunn ankamuseka nacho ndi levulo, kachida ka akalipentala kokhala ndi kathovu koyezera kupendekeka. Munthuyu sankagona pa chinthu chopendekeka. Akangoima paliponse ankatulutsa levulo yake ya kuntchito, kuiika pa tebulo, n'kumasuntha galimoto mpaka kathovu kakhale pakati.

"Tsiku lokuika m'manda ndidzakuponyera levuloyo m'bokosi, uzikayeza wekha," ankatero Jorunn.

Tsiku la nkhaniyi anaima kumapeto kwa msewu wafumbi ku Rondane, pomwe galimoto zimalekezera n'kuyamba njira ya miyendo. Panalibe wina aliyense. Malowo anali otsetsereka, ndipo matabwa omwe ankaika pansi pa matayala anali atawaiwala komwe anagona dzulo lake. Chapafupi panali mulu wa miyala, woyamba pa miulu yolozera njira ya m'phiri. Mwana aliyense wa kumeneko amadziwa kuti mulu wotere sukhudzidwa. Kukagwa chifunga, wotsika phiri amachoka pa mulu umodzi kufuna unzake, ndipo umodzi ukasowa, wasokera. Oddvar ankazidziwa zimenezi. Koma miyala yophwathalala bwino inali pansi penipeni. Anasolola iwiri, mulu wonse n'kugumuka.

Jorunn anaima pakhomo, ketulo ili m'manja. Anamuuza kuti abwezere nthawi yomweyo. Oddvar anati amanga m'mawa, ndipo amanga bwino kuposa omwe anaumanga kalewo. Ndani angayende m'phiri usiku mwezi uno? Anakweza tayala pa miyala ija. Kathovu kanakhala pakati.

Chifunga chinagwa asanazimitse nyale. Zenera linayera ngati alipaka laimu. Kunalibe mphepo, kunalibe belu la nkhosa.

Chomwe chinadzutsa Oddvar ndi ndodo. Ndodo yachitsulo kunsonga, ikugunda mwala. Kho. Kho. Inkatsika kuchokera kumtunda, pang'onopang'ono, monga ayendera munthu wotopa. Inafika pomwe panali mulu paja, n'kuima. Kenako inayamba kuzungulira. Inapita kumanzere, kubwerera, kupita kumanja cha kuphompho la mtsinje, kubwereranso. Mayendedwe a munthu wofuna chinthu chomwe akudziwa kuti chimakhala pomwepo.

Kuwala kwa tochi sanakuone. Nsapato sanazimve, ngakhale kupuma kwa munthu. Ndodo yokha.

Inakhala chete, kenako inamveka pafupi. Inagunda tayala lakutsogolo, pomwe panali miyala ija. Kenako chitseko. Katatu, mwaulemu, ngati wa nyumba yoyandikana wodzabwereka shuga.

"Oddvar," ananong'ona Jorunn. "Pali munthu."

Oddvar anali maso. Anamva zonse. Koma thupi linamukanira, ndipo mumtima ankadziwa kuti wogogodayo sanabwere kudzapempha madzi. Anatsinzina, n'kumapuma mozama ngati ali m'tulo. Jorunn anamugwedeza phewa.

"Nkhalamba iwe, dzuka."

Iye anatembenukira kukhoma.

Anamumva akutsika pa bedi. Anamva akuvala nsapato, akukoka jekete la mwamuna wake, akufufuza tochi m'dirowa. Chitseko chinatseguka, kuzizira n'kulowa mpaka m'bulangete. Ndiye anamva mkazi wake akulankhula ndi mawu ake a m'kalasi, odekha aja.

"Ndi uku. Bwerani, ndikuonetseni."

Palibe anayankha. Chitseko chinatsekeka.

Anadziuza kuti awerenga mpaka zana, adzuke. Anafika pa zana. Anayambiranso. Kunja ndodo inkamvekabe, koma sinalinso imodzi. Zinkatsika, kudutsa, kuzimiririka kumunsi, zina n'kuyamba kumtunda. Usiku wonse unatha chotero. Mwamuna amene ankakwera madenga a matchalitchi popanda chingwe anagona atadzipinda, chitseko chili mapazi atatu kuchoka pomwe anali.

Kutayamba kuyera anatuluka. Anapeza Jorunn ali chilili pomwe panali mulu paja, dzanja limodzi lili m'mwamba ndi tochi yomwe inali itazima kalekale. Tsitsi linali lonyowa, milomo itachita bii. Ndere zonse pamalopo zinali zitayera ndi chisanu, ndipo panali mapazi a munthu mmodzi yekha.

Anamufunditsa bulangete, namufunsa chomwe ankachita pamenepo.

"Pamafunika china chake chiime pano kuti aziona."

"Ndani?"

"Ndinasiya kuwerenga atakwana khumi ndi awiri. Ena anavala zakale zedi. Wina anali atanyamula chidebe cha mkaka."

Anamulowetsa m'galimoto, namuwiritsira madzi. Kenako anachotsa tayala pa miyala ija, kuinyamula, kumanga mulu wonse mpaka zala zinatuluka magazi. Jorunn ankamuyang'ana pa zenera, akutsokomola.

Pofika madzulo Jorunn anali m'chipatala. Chibayo. Anatulukamo, anabwereramo, ndipo Khirisimasi sanaione. Za miyala ija sanamudzudzulepo. Anangofunsa kamodzi, sabata yake yomaliza, Oddvar akumupesa tsitsi.

"Usiku uja unali maso, eti?"

"Ndinali m'tulo, Jorunn. Sindinamve kanthu."

Jorunn anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Chabwino," anatero. "Umagona kwambiri iwe."

Anali atakhala limodzi zaka makumi anayi ndi zitatu. Jorunn ankadziwa kuti mwamuna wake amadzuka ngakhale mphaka akayenda pa khonde.

Pambuyo pake ndinafunsako anthu a m'chigwa. Ambiri sankafuna kuyankha. Mayi wina amene ndinkagwira naye ntchito anandiuza motsitsa mawu kuti phiri limenelo lameza anthu kuyambira kale, abusa, alenje, atsikana okama mkaka, ndipo kukagwa chifunga amayesabe kutsika. Anati miulu ija sanamangire amoyo okha. Ena anati mutu wa Jorunn unali utayamba kusokonekera, ndipo zomwe Oddvar anamva zinali ziboda za nyama za m'phirimo zonga mphalapala zikugunda miyala. Ana ake a Oddvar amakhulupirira zimenezo. Amamuuza kuti agulitse galimotoyo.

Koma madzulo amenewo zonsezi ndinali ndisanazimve. Khofi wa mkuluyo anali atazizira. Ndinati ndimuthirire wina, anakana. Anandiuza kuti chaka chilichonse mwezi umenewu amakaima pamalo pomwe paja. Chitseko sakhoma. Amakhala pa mpando atavala nsapato ndi jekete, tochi ili pa bondo. Chimenechi chinali chaka chachisanu ndi chimodzi. Ndodo amazimva zikudutsa, koma poti mulu uli chilili, palibe amene amagogoda.

Ndinamufunsa chomwe amadikira.

"Mwina tsiku lina Jorunn adzatsika nawo," anatero. "Ndikufuna ndidzamuuze kuti ndinali maso."

Anasuzumira pa zenera. Nthawi inali isanakwane eyiti koloko ndipo kunali kusanade, koma nsonga ya phiri inali itabisika kale, chifunga chikutsetsereka m'zigwa. Anaimirira, namanga mabatani a jekete mpaka m'khosi. Kapu anabweretsa yekha pa kauntala.

"Ndichedwa," anatero, natuluka.