Kabotolo ka Pawindo

M'nyumba ya a Venansio ku Bangwe munalibe chuma, koma munali mtendere. Bambowo ankagwira ntchito pafakitale ina ku Makata, ndipo akazi awo, mayi Anastasia, ankagulitsa mandasi pakhomo. Anali Akatolika ochokera ku Nsanje, anthu akuda bii ngati makolo awo, ndipo za khungu sizinkawasowetsa tulo. M'mawa mayiwo ankasamba kumaso ndi sopo wamba, n'kudzola timadontho ta gilisalini, basi. Mwana wawo Petronela anamuphunzitsa zomwezo.

"Nkhope imeneyi ndi ya malemu agogo ako," ankatero. "Ndikakuyang'ana ndimaona mayi anga. Uziisamala."

Chowavuta mayiwo chinali matenda a shuga. Maso awo anali atayamba kuchita chidima, ndipo pamwendo panali chilonda chochedwa kupola. Kukiliniki ankawapatsa mankhwala oyera opaka, koma kothiramo ankapita nako okha. Choncho pawindo la kuchipinda pankakhala timabotolo tiwiri tofanana, kena kali ndi mankhwala, kena kopanda kanthu kodikira ulendo wotsatira.

Chaka cha 1995, Petronela ali Fomu 3, ziphuphu zinamutuluka pamphumi ndi m'masaya. Mtima wake sunakhalenso m'malo. Ankangokhalira pagalasi, kufinya, kuchokapo, kubwereranso.

Tsiku lina ku msika wa Limbe anaitanidwa ndi Mervis, mayi wa m'kwaya ya kutchalitchi kwawo, wofiira nkhope ngati papaya lakupsa. Ameneyu ankakatenga katundu ku Joni n'kumagulitsa pabenchi.

"Iwe mwana wa a Venansio, taima! Nkhopeyi unaiwotcha pambaula?"

"Ndi ziphuphu, anti. Amayi akuti zitha zokha."

"Amayi akowo ndi a nthawi ya chipani chimodzi. Pano ndi matipate, mwanawe. Akazi tikuvala mathalauza, nkhope nayonso tikusankha tokha. Ukuganiza mabwana akafuna sekilitale amayang'ana setifiketi yokha?"

Anatulutsa sopo wofiira ndi timachubu tiwiri tolembedwa chiyankhulo chachilendo.

"M'mawa upake thovu, ulisiye liume. Ukatsuka, usakanize aka ndi aka, udzole. Madzulo chimodzimodzi. Dzuwa uzilithawa. Ndipo ukayamba, osadumphitsa."

"Ndilibe chogulira, anti."

"Kwanuko kulibe zitenje?"

Mawa lake chitenje chimene mayi Anastasia ankasungira Pasaka chinasowa m'sutikesi.

Ziphuphu zinathadi. Nkhope inayamba kuwala, ndipo makondakitala a minibasi anayamba kukuwa, "Sisi, mpando wakutsogolo ndi wanu!" Anyamata a pasiteji ankaseka kuti kumaso Fanta, kumiyendo Kokakola, koma iye ankangoimika ambulera n'kudutsa. Timachubu tinkatha msanga. Chitenje chinatsatiridwa ndi ayironi, ayironi inatsatiridwa ndi mbale za alendo.

"Petronela, tabwera," anatero amayi ake tsiku lina. "Maso anga afooka, koma mphuno ikugwira ntchito. Fungo ili si la gilisalini."

"Ndi sopo wa mnzanga, amayi."

"Sopo wa mnzako amadya ayironi? Mwana wanga, wakunyoza ndani kuti udane ndi nkhope imene Mulungu anakupatsa?"

Mayiwo anatukula matiresi, anapeza timachubu, anakatiponya m'chimbudzi. A Venansio atabwera ku ntchito sanachulutse mawu.

"Ndikadzazipezanso m'nyumba muno, ukagona kwa amene akukupatsayo."

Sabata isanathe nkhope inayamba kuyabwa ndi kuchita mawanga akuda. Petronela anathawa kusukulu nthawi ya buleki, ulendo ku Limbe.

"Ndinakuuza kuti osadumphitsa," anatero Mervis. "Iwenso nzeru zako, kubisa pansi pa matiresi! Finyira zonse m'botolo limene sangalikayikire, machubuwo utaye panjira."

Petronela anakumbukira kabotolo kopanda kanthu ka pawindo paja. Anathiramo chosakaniza chake, choyera ngati mankhwala a kukiliniki, n'kukabwezera pamalo pake. M'mawa amayi akamakazinga mandasi, iye ankalowa, kutapa ndi chala, kutuluka.

Tsiku lina atatsegula anapezamo dzenje la chala chachikulu kuposa chake. Anagwedeza kabotolo ka mankhwala kaja. Munalibe kanthu. 

"Bambo ako ndi munthu wabwino," anamva amayi ake akuyankhula kukhitchini. "Anakanditengera mankhwala osandiuza n'komwe. Ndipo anowa ndi abwino, akununkhira. Kuyabwa kwasiya, kufiira kwachepa."

Apa ndi pamene Petronela akanatsegula pakamwa.  Koma anaganiza za chimbudzi chija, za mawu a bambo ake, za mawanga akuda aja. Anadziuza kuti ngati kuyabwa kwasiya ndiye kuti palibe choopsa. Anakhala chete. Kabotolo kakatsika ankawonjezeramo, ndipo mayi Anastasia, poona kuti mankhwala sakutha, kukiliniki sanapitenso.

Chilondacho pamwamba chinkaoneka chofatsa, koma mkati chinkadya. Mwendo unatupa mpaka m'bondo. Fungo linadzaza chipinda. Thupi litatentha mpaka mayiwo kuyamba kubwebweta, a Venansio anabwereka galimoto ya fakitale n'kuthamangira nawo ku chipatala chachikulu.

"Mumapaka chiyani pamenepa?" anafunsa namwino.

"Mankhwala a kukiliniki," anatero a Venansio, akutulutsa kabotolo m'thumba la jekete.

Namwino anatsegula, ananunkhiza, n'kukweza maso. Sanayang'ane bambowo. Anayang'ana nkhope ya Petronela, kenako zala zake zakuda m'mfundo.

"Bambo, awa si a kukiliniki. Awa ndi oyeretsera khungu. Pachilonda amabisa kutupa, matenda n'kumalowerera mkati. Anakupatsani ndani?"

"Si inu munakatenga?" mayi Anastasia anafunsa amuna awo ndi mawu otsika.

"Ine? Ndimayesa munapita nokha."

Petronela anagwada pasimenti. Ananena zonse: chitenje, ayironi, mbale, kabotolo, ndi tsiku limene anadziwa koma n'kukhala chete. A Venansio anatuluka panja.

"Tayandikira ndikuone," anatero amayi ake.

Anamugwira masaya ndi manja otentha, anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali ndi maso awo ofookawo.

"Ndakukhululukira, mwana wanga. Koma mayi anga aja sindikuwaonapo apa. Wawapititsa kuti?"

Madokotala anadula mwendo, koma matenda anali atalowa kale m'magazi. Mayi Anastasia anamwalira Lachinayi, Pasaka asanafike.

Pamaliro Petronela anakhala pakona atafunda nsalu mpaka kumaso. Anali atasiya kudzola, ndipo khungu linabweza zonse: masaya anapsa ngati pansi pa poto, ziphuphu zinabwerera zazikulu kuposa zoyamba zija. Kusukulu sanabwererenso. Lero amakazinga mandasi pambaula ya amayi ake, amasamba ndi sopo wamba, amadzola gilisalini, koma zipsera zakana kuchoka. Galasi analitembenuzira kukhoma.

Mervis anabwera pamaliropo. Anaima kutsogolo kwa kwaya, n'kuyambitsa nyimbo ndi mawu okoma, atavala chitenje cha Pasaka chija. Azimayi anachizindikira, anagwirana m'nthiti, koma palibe amene anatsegula pakamwa. Lolemba lotsatira benchi yake ku Limbe inali yodzaza, ndipo atsikana a yunifolomu anali pamzere.

Tsono inu atsikana, mverani. Mafuta amene mukubisira mayi anu si mafuta abwino. Chopanda dzina lowerengeka, chosakanizidwa pabenchi, chimene akukuuzani kuti mukayamba osasiya, musachiike pankhope panu. Ziphuphu zikavuta pitani kuchipatala. Bodza limene mwaliika pawindo silisankha woti limupweteke.

Ndipo inu akuluakulu amene munaona mwana akusanduka mtundu n'kumamuyamikira kuti watakata, inu amene munazindikira chitenje n'kupitiriza kuimba, musabwere kwathu kudzapepesa. Mayi amene munawaimbira aja ndi mayi anga. Petronelayo ndine, ndipo tchimo langa ndinalinena nditagwada. Lanu mudzalinena liti?