Galasi la mu Situdiyo ya a Malole

Tsiku limene a Malole anagula siteshoni ya wailesi, akazi awo anavina mpaka kuthyola chidendene cha nsapato. Dzinali anawapatsa chifukwa cha malole atatu amene anali nawo, ndipo onse atatu anagulitsidwa kuti apeze nyumba youlutsira mawuyo. Banja lawo linali losiririka. Ukawaona akuyenda limodzi, umalakalaka utakwatira mawa lomwe.

Koma wailesi imadya ndalama, abale. Chiphaso cha boma chinkafuna zake chaka ndi chaka. Makina otumiza mawu, amene anali pamwamba pa phiri, ankafa mvula ikangogunda, ndipo magetsi akazima jenereta inkamwa dizilo ngati ng'ombe yaludzu. Aulutsi awiri odziwika anathawa malipiro atachedwa. Pofuna kupulumutsa zinthu, mayi anayamba kuulutsa okha m'mawa uliwonse, ndipo mawu anali nawo, osati masewera. Amalonda anayamba kubwera okha kudzalengezetsa katundu wawo. Wailesi inadzuka, koma mtima wa a Malole unayamba kudwala.

Anthu a pawailesi ali ndi kagwiridwe kawokawo ka ntchito. Nyali yofiira ikayaka pakhomo la situdiyo salowa munthu, ngakhale mwini wake. Woulutsa ndi wamakina amakhala zipinda ziwiri, pakati pali galasi, ndipo amalankhulana ndi manja basi. Wamakinayo, bambo wamtali wosakonda zolankhulalankhula, ndiye anaphunzitsa mayi kumwetulira akamaulutsa, chifukwa kumwetulira kumamveka m'mawu.

A Malole izi akanazidziwira kuti, munthu wokulira pamsewu? Ankaima pakhonde n'kumaona akazi awo akumwetulira galasi, wamakina akukweza chala, akugwedeza mutu. Mawu okoma aja kunyumba sankamveka, poti mayi ankafika atatopa, akusunga pakhosi. Mlongo wawo wa a Malole anasonkhezera moto, ati tauni yonse ikudziwa amene amamwetuliridwa. Nsanje ndi matenda oipa, chilichonse chimene waona imachisandutsa umboni.

Tsiku lina ali pachakudya anafunsa kuti, "Mawu aja mumalankhulira ndani?"

"Omvera, bambo. Ndi amene akutidyetsa."

"Omvera amakhala kuseri kwa galasi?"

"Ngati mwatopa nane nenani," anatero mayi misozi ili lengelenge. "Ndisiye kuulutsa, mawa titseke wailesi."

Kutseka sakanatha, chuma chonse chinali momwemo. Kuchotsa wamakina sakanathanso, poti makina akale a paphiri aja ankawadziwa ndi iye yekha. A Malole ankalipira mwezi ndi mwezi munthu amene ankamuda kuposa aliyense, ndipo zinkawadya m'kati.

Lachitatu lina m'mawa anasuzumira pagalasi, n'kuona wamakina akukodola mayi ndi dzanja. Mayi anasendera kutsogolo akumwetulira. Mutu wa a Malole unazungulira. Anatola sipanala imene inali pafupi ndi jenereta, nakankha chitseko cha chipinda cha wamakina, namenya bamboyo kawiri m'mutu. Mayi anatsegula chitseko chawo akukuwa kuti, "Bambo, mwapha munthu!" Maikolofoni anali chitsegulire. Mawuwo anamveka m'mabasi, m'masitolo, ngakhale m'khitchini mwa mkazi wa wamakina amene ankamvera akuchapa mbale.

Kukhoti kunalibe chokana, chifukwa wailesiyo inkasunga zonse zimene yaulutsa, ndipo anazimvetsera pamaso pa woweruza. Kenaka kunabwera mboni, woulutsa wina wopuma pantchito. Atafunsidwa za kukodola kuja, anati aliyense wa pawailesi amakudziwa, kumatanthauza kuti yandikira maikolofoni, mawu akumveka patali. A Malole anagwira mutu.

Anawagamula zaka makumi atatu, ndipo wailesi inalandidwa chiphaso. Inu amene mumaona chinthu osachimvetsa, funsani mtima usanatuluke m'malo. Bamboyu anagula makina, mipando ndi chiphaso, koma sanafunsepo n'kamodzi komwe kuti antchito ake amagwira bwanji ntchito.

Mayi anapita kundende kamodzi kokha. Anakhala mphindi khumi akuyang'ana amuna awo, amuna awo akupempha kuti anene kanthu, ngakhale kuwatukwana. Mayi ananyamuka osatsegula pakamwa.