Miyala Yofiira ndi Yoyera

Namwino anatuluka mochedwa m'chipatala tsiku limenelo. Chipatalacho chinali chitangofoleredwa kumene nkhondo itatha, ndipo odwala ankabwera ngati amva kuti mawa chitsekedwa. Mwana wake anali yekha kunyumba. Mlatho unali usanathe kumangidwa, ndiye analowera njira yachidule yodutsa m'munda wa mabomba okwiriridwa.

Ochotsa mabomba anali atandanda miyala m'mundamo: yoyera kusonyeza poyenda, yofiira kusonyeza pa imfa. Nzeru yabwino ndithu, koma ya masana. Mumdima mwala ndi mwala basi. Tochi ya Namwino inaphethira kawiri, n'kuzima.

Anaima. Kumbuyo miyala, kutsogolo miyala. Kodi anachokera uku kapena uko? Mwamuna wake anafera m'munda womwewu akusaka mbuzi, ndipo anaika m'manda zochepa zomwe anatola.

"Musasunthe, mayi."

Mayo! Patsogolo pake panaima munthu. Jekete la asilikali a boma, chipewa cha zigawenga. Khutu lakumanzere analibe.

"Pondani pomwe ndaponda ine," anatero munthuyo.

Namwino anayang'ana pansi. Mvula inali itagwa, dothi lili lofewa, koma mapazi a munthuyo sankadinda. Aponde pati tsono? Anangotsata msana wake. Kumanja. Kumanzere. Kubwerera m'mbuyo pang'ono... Munthuyo ankaloza pansi n'kumanong'ona, "Ili langa. Ili langanso. Ili si langa..."

"Kodi tinapambana ndife?" anafunsa osacheuka.

"Inu ake ati, bambo?"

Munthuyo anangopitiriza kuyenda.

"Nkhondo inatha," anatero Namwino. "Anasainirana. Pano onse akudyera pamodzi."

"Ndiye anapambana ndani?"

Namwino anaponda patsogolo mosamala. Funso limenelo nayenso linkamusowetsa tulo.

Mwadzidzidzi phazi lake linagunda phula la msewu. Wapulumuka! Misozi inangotsika yokha.

"Mulungu akudalitseni, bambo. Akudalitseni inu ndi ana anu!"

Anatukula mutu... palibe munthu. Udzu wokhawokha, osagwedezeka n'komwe.

Anathamangira ku matenti a ochotsa mabomba, m'mbali mwa msewu. Mlonda wawo, mkulu wina amene kale anali msilikali, anamuunika kumaso kenako kumapazi.

"Mayi, mwatulukira kuti? Mbali imeneyo sitinaigwirebe! Ngakhale galu sitimulola."

Namwino anafotokoza mwachibwibwi: jekete, chipewa, khutu. Mlonda anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Khutu lakumanzere? Ameneyo tinkamutcha Mlimi, chifukwa chodzala mabomba. Anayamba kudzalira boma, zigawenga zitamugwira anadzaliranso izo. Pafupifupi munda wonsewo ndi ntchito ya manja ake."

"Ali kuti? Amakhala kuti?"

"Amakhala? Mayi, munthuyo anaponda lake lomwe nkhondo isanathe. Papita zaka. Ndinamukwirira ndine."

Namwino anacheukira kumunda kuja. Anafuna kutukwana, anafunanso kuthokoza. Munthu amene anamubweza wamoyo kwa mwana wake ndi yemweyo anasandutsa mwanayo wamasiye. Ndipo iye anali atamudalitsa kale, ndi pakamwa pake, kawiri konse.