Wachisanu wa M'galimoto ya Abusa

Nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu. Pachiwongolero ndinali ine, ndipo anamwino amene tinali nawo akadali moyo. Mukhoza kukawafunsa, ngakhale sakonda kuikamba.

Inali nthawi ya nkhondo. Ndinkayendetsa galimoto ya mishoni, ndipo tsiku limenelo tinkapititsa mankhwala ndi Mabaibulo kutchalitchi china chakuseri kwa mapiri, kumene kunadzaza anthu othawa kwawo. Tinalipo anayi: ine, abusa pampando wakutsogolo, anamwino kumbuyo, ndi womasulira amene tinangomupeza dzulo lake chifukwa ankadziwa chilankhulo cha asilikali akumeneko. Ndisabise, munthuyo sindinamukonde. Ankafulumira kuseka, ndipo nsapato zake zinali zatsopano kwambiri kwa munthu woti wakhala chaka osagwira ntchito.

Msewu umenewo unali ndi lamulo lake. Pachipata choyamba asilikali ankakuwerengani n'kulemba nambala pachikalata, ndipo pazipata zotsatira ankawerenganso. Mukachuluka, ndiye kuti mwatola mdani panjira. Mukachepa, mwamutsitsa kutchire. Mlandu wotere sunkafika kukhoti.

Pachipata choyamba tinafika dzuwa litangotuluka. Msilikali anasuzumira pawindo, n'kutiwerenga ndi kamwa ya mfuti. Analemba, n'kundipatsa chikalatacho. Panali 5.

"Tilipo anayi," anatero abusa. Iwowa ndi aja oti ngakhale bodza la nthabwala sanena.

Msilikali anakalipa m'chilankhulo chake.

"Akuti tisamuphunzitse kuwerenga," ananong'ona womasulira. "Abusa, chonde, tiyeni tizipita."

Ndinayendetsa, koma mtima unali m'malere. Ndinati womasulira uyu watigulitsa basi. Wapangana nawo alembe asanu, kuti kutsogolo akatipeze ochepa, atiphe, agawane mankhwala. Ndinkamuyang'ana pagalasi mobwerezabwereza, iye n'kumandisekerera.

Pachipata chachiwiri tinafika masana. Ndinapereka chikalata. Msilikali wapamenepo ankawerenga ndi chala. Analoza ine. Abusa. Anamwino. Womasulira. Kenako analoza pakati pa awiriwo, pampando wopanda munthu, n'kugwedeza mutu ngati akupereka moni. Anatitsegulira.

Tinadutsa.

Galimoto ndimaidziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Pachitunda chimene ndinkakwera ndi giya yachitatu, tsiku limenelo inakana mpaka ndinaika yachiwiri. Kumbuyo kunali kolemera. Kenako kunabwera fungo. Mvula inali itatha miyezi inayi osagwa, koma m'galimoto munkanunkha dothi lonyowa, longokumbidwa kumene.

"Achimwene, tasunthani pang'ono," anatero anamwino motsitsa mawu. "Mukundipanikiza."

Ndinayang'ana pagalasi. Womasulira anali atakanirira kuchitseko chinacho. Sankasekanso.

Ndinaima pambali pa msewu, ndinatsitsa makatoni onse, ndinasuzumira ngakhale pansi pa mipando. Munalibe kanthu. Ndinamugwira womasulira pakolala.

"Wapangana nawo chiyani iwe?"

"Adalaivala, ndili ndi ana atatu," anatero. "Mwendo wanga wakumanzerewu wazizira ngati ndauviika m'madzi. Taugwireni."

Sindinaugwire.

Chipata chomaliza tinafikapo dzuwa litapendeka. Panali matumba a mchenga ndi waya waminga, ndipo mbalame sizinkamveka. Mkulu wa asilikali, bambo waimvi, anatenga chikalata n'kutilamula kuti titsike tonse. Tinandanda padzuwa. Anawerenga. Anayang'ana chikalata. Anawerenganso.

Anayi.

Anatigwaditsa pafumbi. Womasulira atayamba kufotokoza, msilikali wina anamumenya pakamwa ndi thako la mfuti, mano awiri n'kugwa. Pamenepo ndinachita manyazi, chifukwa munthu wogulitsa anzake samenyedwa choncho. Kumbuyo kwanga wina anatchera mfuti kuti kwatcha. Anamwino ankapemphera.

Mkulu uja anaima pamaso pa abusa. Womasulira ankamasulira magazi akuchucha.

"Akuti munthu wa Mulungu sanama. Akuti munene inuyo. Tilipo angati, ndipo winayo tamutsitsa kuti?"

Ndinatsinzina. Ndinkawadziwa abusa anga. Akanati anayi, basi, ife kwatha.

Ndinatsegula maso, ndipo ndinawaona atacheukira kugalimoto. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Tilipo asanu," anatero. "Sanatsike. Ali momwemo."

Mkuluyo anapita kugalimoto mfuti ili m'manja. Anatsegula chitseko chakumbuyo. Anaima. Ine pamene ndinagwada ndinkaona mpando wonse, ndipo panalibe munthu. Koma bamboyo anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Anavula chipewa. Anatseka chitsekocho pang'onopang'ono, ngati muli mwana wogona.

Chikalata sanandipatse m'manja. Anachiponya pansi, n'kulankhula mawu ochepa osatiyang'ana.

"Akuti tipite naye msanga," anatero womasulira. "Akuti tisadzadutsenso naye pano."

Mtunda wotsalawo tinauyenda tonse anayi titathithikana kutsogolo, anamwino atakhala theka pa giya. Palibe anacheuka. Galasi lija ndinalitembenuzira kudenga. Titangolowa pabwalo la tchalitchi, galimoto inanyamuka kumbuyo yokha, monga imachitira munthu akatsika. Chitseko sichinatseguke.

Anthu atatha kutsitsa makatoni, ndinapepesa kwa womasulira, kenako ndinawapeza abusa kuseri kwa tchalitchi akusamba kumaso. Ndinafuna kuwaseketsa.

"Abusa, zaka zonsezi ndimayesa simudziwa kunama. Lero bodza lanu latipulumutsa. Mulungu akukhululukirani, ine ndikakhala mboni."

Sanaseke. Anapukuta nkhope ndi mpango.

"Sindinaname," anatero.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye anali mngelo?"

Anayang'ana kumene ndinaimika galimoto, kenako anandiyang'ana ine.

"Akanakhala mngelo, mwana wanga, ndikanakuuza mokondwa."