Mfuti ya Malemu Darla

Lorna Pruitt anali ndi mkazi mnzake m'nyumba, ndipo mkazi mnzakeyo anali wachitsulo. M'mawa uliwonse mwamuna wake Dwayne akamanga lamba, ankatenga mfuti ya m'manja ya malemu mkazi wake woyamba, n'kuilowetsa m'kathumba kachikopa ka m'chiuno, n'kuvindikira ndi malaya. Kuyenda ndi mfuti sinali nkhani, chifukwa m'tauni yawo ku Oklahoma ngakhale abusa ankalalikira yawo ili pansi pa jekete. Chimene chinkamudya Lorna ndi dzina lozokotedwa pachogwirira: DARLA.

Chaka chachiwiri cha banja lawo Lorna anamugulira mfuti yatsopano, koma inangogona m'bokosi mwake.

"Kodi ija ndinakugulirani ija ili ndi matenda?" anafunsa tsiku lina.

"Ndi yabwino, Lorna. Kungoti dzanja linazolowera iyi."

"Dzanja kapena mtima?"

Dwayne anangovala chipewa n'kutuluka. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo amuna otere amapsetsa mtima kuposa olongolola. Apongozi ake a Lorna, mayi Wanda, ndiwo ankasonkhezera moto. Pachakudya cha Lamlungu, nkhuku isanathe n'komwe m'mbale, ankayamba: "Darla ankalasa chitini cha nyemba ali patali ngati pamsewu paja. Mkazi anali uja!" Lorna ankameza chakudya pamodzi ndi misozi.

Lachiwiri lina Dwayne anapita kuchipatala kukajambulitsa msana, kumene salola chitsulo chilichonse, ndiye anatsekera mfutiyo m'kabokosi kachitsulo kotsegula ndi manambala. Atachoka, Lorna anayesa manambala a tsiku la ukwati wawo, kabokosi kanakana. Anayesa tsiku lobadwa la iye mwini, kanakananso. Atayesa tsiku lobadwa la Darla, kanatseguka. Analira atakhala pabedi mpaka mphuno kutupa, kenako anaponya mfutiyo m'chikwama chake cha m'manja. Anatsimikiza zokaiponya mumtsinje pamlatho, za mawa zidziwone zokha.

Asanafike pamlathopo, foni inalira. Anali mayi Wanda.

"Uli kuti? Bwera unditenge, ndikasaine mapepala a munda kukhoti. Galimoto yanga yakana."

Njira yonse nkhani ya mayi Wanda inali Darla yekhayekha. Darla ankaphika chakuti, Darla sankayendetsa galimoto ngati akuthawa ngongole. Atafika, mayi Wanda anatulutsa kamfuti kawo m'thumba n'kukatsekera m'galimoto, monga amachitira aliyense polowa m'khoti.

"Iwe ulibe chosiya," anatero akuseka. "M'chikwamamo ndi zopakapaka basi. Mwana wanga anakwatira kalilole."

Lorna anamenyetsa chitseko cha galimoto, n'kuyenda patsogolo mtima ukuwira. Anakumbukira za mfuti ija chikwama chitalowa kale m'makina ounikira katundu pakhomo la khoti. Mlonda anayang'ana pagalasi, anayang'ana Lorna, n'kunena motsitsa mawu: "Mayi, ikani manja pomwe ndingawaone."

Mfutiyo itatulutsidwa, mayi Wanda anawerenga dzina lija n'kukuwa kuti khonde lonse limve. "Wakuba! Waba mfuti ya Darla! Ndinkanena ine!"

Dwayne anafika patatha ola limodzi, kachingwe ka kuchipatala kolembedwa dzina lake kadakali pamkono. Anapeza mkazi wake atakhala pabenchi m'kachipinda, unyolo uli m'manja. Wapolisi wamkulu, mnzake wa kutchalitchi, anamufotokozera osazungulira.

"Mlandu wolowa nayo muno ulipo kale, Dwayne, umenewo sindingaufufute. Funso langa n'limodzi. Ngati anaitenga popanda chilolezo chako, ndi katundu wobedwa. Ibwerera kwa iwe, koma mkazi wakoyu awonjezeredwa mlandu wakuba mfuti, ndipo umenewo ndi wa ndende. Ngati sanabe, mfuti itsala m'manja mwa khoti. Usayembekezere kudzaionanso."

"Nanga n'zofunsanso?" anatero mayi Wanda. "Nena zoona, mwana wanga! Ndi chokhacho chimene Darla anakusiyira. Anafa ali m'manja mwako, lero ukamutaye chifukwa cha uyu?"

Lorna anaimirira, unyolo ukulira. Mantha anali atamuthera, kunangotsala kuwawa.

"Neneni, Dwayne. Ndinaba, inde. Ndimafuna kukaiponya mumtsinje. Zaka zinayi ndakuchapirani, ndakusisitani msanawo, koma mukamatuluka m'nyumba mumatuluka ndi iyeyo. Ine ndikupikisana ndi munthu amene sakalamba, sapsereza chakudya, sakuyankhani mwano. Ndingapambane bwanji? Tengani mkazi wanuyo muzipita."

Dwayne anayang'ana mfutiyo. Inali patebulo m'pepala lapulasitiki, zipolopolo zili pambali. Anaiyang'ana nthawi yaitali kwambiri moti Lorna anatseka maso kuti asaone nkhope yake poyankha.

"Sanabe," anatero. "Ndi mkazi wanga. Za m'nyumba mwanga ndi zake."

"Dwayne!" anakuwa mayi ake. "Wapenga?"

"Amayi, mwalankhula zaka zinayi, ine ndili chete. Kulakwa kwanga n'kumeneko. Lero khalaniko chete inu."

Mayi Wanda anatola ndodo yawo yoyendera n'kutuluka, chitseko chinamveka mpaka kunja. Wapolisi anasuntha pepala, Dwayne anasaina. Asanatembenuke anapempha kuti aigwireko kamodzi mfutiyo, koma wapolisi anapukusa mutu, n'kuinyamula kupita nayo kuseri.

Madzulo, atamasulidwa kuti adzaonekere kukhoti mwezi wotsatira, Lorna anakwera galimoto ya mwamuna wake. Chimene ankachifuna zaka zonsezi chinali chitachitika, koma chimwemwe panalibe. Dwayne sanalize galimoto. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Lorna anali asanamuonepo akulira, ngakhale pamaliro a bambo ake.

"Mukanangonena kuti ndinaba," ananong'ona Lorna.

"Ndinaika kale mkazi mmodzi m'manda," anayankha Dwayne, akupukuta maso ndi chipewa. "Umati ndikaikenso wina m'ndende?"

"Mundikhululukira?"

"Lero ayi. Lero zikundiwawa. Koma tikupita kwathu limodzi."

Anatembenuza kiyi, galimoto inalira.