Laputopu Yopuma Ngati Bambo

Chiso atangoyatsa laputopu ya malemu bambo ake, phokoso linayambanso: fuu, fuu, ngati munthu wobanika. Umu ndi momwe bambo ake ankapumira m'chipatala, chifuwa cha kumigodi chitawakula mphamvu. Posakhalitsa makinawo anatentha ngati simbi, n'kuzima okha.

"Ndinakuuza kuti usamaiyatse," anatero mayi ake ali pakhomo, dzanja lili pamtima. "Bambo akowo sakufuna."

Koma zithunzi zonse za malemuwo zinali momwemo. M'mawa mwake Chiso anaikulunga m'chitenje n'kupita nayo kwa Mayi Lufina, aphunzitsi a kompyuta kusukulu kwawo pa Boma.

Chiso atawafotokozera za phokosolo n'kuiyatsa, aphunzitsiwo anatchera khutu. "Mzukwa wakowu uli ndi fani yamphamvu bwanji!" anaseka, koma ataona nkhope ya Chiso analeka. "Tamvera. Purosesa ndiye ubongo wa makinawa. Ikuthamanga liwiro lonse osapumulako, ndiye fani yoiziziritsayi ikulimbana ndi kutenthako. Ikapitiriza chonchi ipsa, osadzayakanso."

Anatsegula kafayilo ka malamulo amene kompyuta imatsata ikamayaka. Pamwamba pake panali mawu a Chichewa: Iziyenda pang'onopang'ono, isamasokose Chiso akamawerenga.

Chiso anayang'anitsitsa mawuwo. "Analemba ndi bambo."

"Ndi iwowo. Taona m'munsimu. Ankafuna kulemba powersave, lamulo lochepetsa liwiro, koma zilembo ziwiri zinasinthana malo. Kompyuta sikulimva, ndiye imangothamanga. Konza wekha."

Zala za Chiso zinaima m'malere. Miyezi yonseyi phokosolo ankaliopa, komabe mayi ake akapita kumsika ankayatsa mobisa kuti alimve. Akakonza, sadzalimvanso.

"Madamu, nanga titangoisiya momwemu?"

"Ndi yako, mwanawe. Koma ndi kutentha kwa Okutobalaku, sifika Khirisimasi."

Chiso anawerenganso mawu aja. Kenako anafufuta zilembo ziwirizo, n'kuzilemba bwino. Atayatsanso, fani inangoti fuu kamodzi, basi zii.

Atafika kunyumba anaiika patebulo n'kuiyatsa mayi ake akuona. Mayiwo anabwerera m'mbuyo mpaka kutsamira khoma. Anadikira. Panangotuluka chithunzi cha malemu atavala chipewa cha kumgodi, akumwetulira. Phokoso panalibe.

"Apita?" ananong'ona mayiwo.

"Ayi, amayi. Ankafuna bata lomweli. Anangophonya zilembo ziwiri."

Mayiwo anayandikira pang'onopang'ono, n'kukoka mpando.

"Ndionetse zinazo," anatero.