Kugogoda kwa M'munsi mwa Chitseko

Chimene chinayamba kumukayikitsa mayi wosoka zovala uja si kuchedwa kwa amuna ake ayi. Mwamuna amachedwa, imeneyo si nkhani. Nkhani inali yakuti a kalipentala, munthu amene chikwatiranireni anali asanapondeko m'holo ya kanema, amene ankati zoonera pa sikirini n'za anthu osowa chochita, tsopano dzuwa likangopendeka ankasasa utuchi m'malaya, kutseka shedi, ulendo ku holo. Ndipo filimu yake inali imodzimodziyo tsiku ndi tsiku.

Ankabwerako ngati munthu wochokera ku maliro. Chakudya ankangochitosatosa. Lamba wawo anamuboola bowo lina, kenaka linanso. Akagona, maso ankakhala ali tong'o kudenga, khutu lili kuchitseko. Mayiyo anali atataya kale mwana m'nyumba imeneyo, ndipo ankaona ndi maso ake kuti mwamunanso akumupulumuka m'manja. Zinkamuopsa, komanso zinkamukwiyitsa kwabasi.

"Kodi filimu imeneyi anaipaka uchi?" anawafunsa tsiku lina akuchotsa mbale. "Kapena uchiwo uli pakhomo paja, pamene amadula matikiti?"

"Tiyeni tizigona, mayi," anayankha a kalipentala, osamuyang'ana n'komwe.

Za mwanayo zinali chonchi. Anali mmodzi yekha, ndipo onse ankamutchula Kamsomali chifukwa ali wamng'ono ankangokhalira kutola misomali mu shedi ya bambo ake. Atakula analowerera. Anagulitsa sowo, anagulitsa hamala, n'kumwera mowa. Usiku wina wa mvula a kalipentala anakhoma chitseko ndi mpiringidzo umene anasema okha. Mwanayo anagogoda mpaka kutopa. Mayi ake analira, anagwada, anati tsegulani, koma bamboyo anangotembenukira kukhoma. M'mawa pakhonde panalibe munthu, ndipo chichokereni palibe anamuonapo. Kuyambira pamenepo, mkangano uliwonse m'nyumbamo, ngakhale wa mchere, unkathera pa mawu amodzi: mukanangotsegula.

Za filimuyo mayiyo anazimva kwa makasitomala ake, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini ali kukamwa. Akuti ndi ya anthu okhala m'chombo kutali kuseri kwa nyenyezi. Mmodzi atuluka kukakonza chinachake, chingwe n'kuduka, mdima n'kumumeza anzake akuona pa windo. Patapita masiku, pachitseko cha chombocho pamveka kugogoda, chonsecho kunja kumeneko kulibe mpweya, kulibe poponda. Mayi wina anati mlamu wake chionereni amagona nyale ili chiyakire. Wina anati mtsikana wapakati anathawamo atasiya nsapato. Wachitatu anatsitsa mawu n'kunena kuti wodula matikitiyo ndi mkazi wamasiye, ndipo amamwetulira aliyense wa ndevu.

Madzulo amenewo mayiyo anadzikulunga nsalu kumutu n'kuwalondola amuna ake chapatali.

Holoyo inali chipinda chachitali chopanda mawindo, chonunkha thukuta ndi fumbi, mabenchi ali ndandanda mpaka ku sikirini. Wodula matikiti anali wotanganidwa ndi kulalatira ana osuzumira pa ming'alu, ndipo a kalipentala atadutsa sanawadzutsire n'komwe mutu. Anakakhala okha kutsogolo, pakona, chipewa chili pa bondo. Mayiyo anakhala kumbuyo, pang'ono kuchita manyazi.

Pafupi ndi sikirini panali tebulo, ndipo pa tebulopo panali mnyamata wotchedwa Pakamwa ndi maiki yake. Ntchito yake inali yomasulira zimene anthu a mu filimu akulankhula, koma ankathiramo zake zambiri. Mkulu wa chombo anamusandutsa landilodi, dokotala wa m'chombomo anamusandutsa apongozi. Anthu ankafa nacho chiseko. Chingwe chija chitaduka, wina kumbuyo anati, "Ameneyo wathawa mkazi," holo yonse n'kuphulika.

Kenaka Pakamwa anasiya kulankhula.

Pa sikirini panangotsala khonde lalitali la chombocho, nyale imodzi ikuphethira, ndi chitseko chachitsulo kumapeto. Nyimbo inatha. Chiseko chinazilala benchi ndi benchi mpaka kunangoti zii, moti malata a denga ankamveka akulira pozizira. Ndiye kugogoda kunayamba, pang'onopang'ono, kolemera.

Tsitsi la mayiyo linanyamuka. Kugogodako sikunali kwa nkhonya pakati pa chitseko. Kunali kwa chikhatho, m'munsi, pafupi ndi pansi. Kamsomali anayamba kugogoda choncho asanafikire chogwirira, ndipo sanasiye ngakhale atamera ndevu. Ankawerama dala n'kumenya m'munsi, kuti amayi ake adziwe kuti ndi iye.

"Usatsegule iwe," ananong'ona mayi wina pambali pake. Ena anatsatira, uyu apa, uyu apo, mpaka holo yonse inkangoti usatsegule, usatsegule, ngati akupemphera. Ndipo pansi pa manong'onong'owo panadutsa mawu ena, otopa, a munthu wonjenjemera.

"Abambo, tsegulani. Kunja kuno kukuzizira."

Kuwala kwa sikirini kunkawamenya a kalipentala mbali imodzi ya nkhope. Misozi inali mbwembwembwe, ndipo milomo yawo yokha ndi imene inkanena zosiyana ndi anthu onse. Inkati tsegula.

Mayiyo sanadikire kuti filimu ithe. Usiku wonse anagona akutafuna nkhaniyo, ndipo pofika m'mawa mantha anali atasanduka ukali. Mizimu ya chiyani ya pa sikirini? Pakamwa anakulira limodzi ndi Kamsomali, ndipo anali katswiri woyerekeza mawu a anthu. Ankayerekeza abusa, ankayerekeza mphunzitsi, ngakhale galu wa aneba. Anaona bambo wachikulire wa bala mu mtima, n'kumati apa ndiye podyera.

Anamupeza masana akupukuta sipika pakhomo la holo.

"Iwe mwana, ulibe chisoni? Ukufuna amuna anga afere pa benchi?"

"Ndalakwanji, amayi?"

"Mawu aja umalankhula pogogoda paja. Ukuganiza kuti mwana wanga sindimudziwa mawu?"

Pakamwa anasiya nsanza ija. Sanaseke, ndipo kusaseka kwa munthu ngati ameneyo kunali kosowetsa mtendere. "Amayi, pamene paja ine sindilankhula. Palibe chomasulira, mu filimumo palibe amene amayankhula. Ndimazimitsa maiki kuti anthu aope bwino, ndipo ndi pomwe ndimapezera mpata womwa madzi. Ngati mukundikayikira, madzulo ano mudzakhale pa tebulo panga."

"Ndibwera. Ndipo ndikakugwira, udzadziwanso."

Anabweradi, n'kukhala pa mpando wa pulasitiki mawondo akugundana ndi a Pakamwa. A kalipentala atamuona sanadabwe, sanafunse, anangoweramitsa mutu. Nthawi ija itakwana, mnyamatayo anadina maiki, kanyale kake kofiira n'kuzima. Anaiyika m'manja mwa mayiyo. Kenaka anatenga botolo la madzi n'kuliika kukamwa, kholingo likukwera ndi kutsika.

Kugogoda kunayamba. Anthu anayamba manong'onong'o awo aja.

"Abambo, tsegulani," mawu aja anatero. Panadutsa kanthawi. "Amayi, auzeni."

Botolo linali likadali kukamwa kwa Pakamwa. Maiki inali yozizira m'manja mwa mayiyo. Anatembenukira kwa bambo wina wonenepa amene anakhala pa benchi yoyamba, n'kumukoka malaya.

"Pepani, wati chiyani ameneyo?"

"Ndani?"

"Wakunjayo."

"Salankhulatu ameneyo, mayi. Amangogogoda. Ine kano n'kachitatu kuonera."

Tsiku limenelo anaonera mpaka kumapeto, ndipo anaona chimene anthu ankakanira. Mnzake wa wotayika uja analephera kupirira, anatsegula. Pakhomo panaima chovala cha mumlengalenga cha wotayikayo, chathunthu, koma m'galasi la kumutu munali mdima wokhawokha. Sichinalowe. Chinangotambasula dzanja, wotsegulayo n'kuligwira ngati mwana, awiriwo n'kutuluka. Chitseko chinatsekeka chokha. Anthu m'holomo anatuluka osalankhulana, aliyense akuyang'ana kumapazi.

Pobwerera kunyumba anayenda limodzi ndi amuna ake, koyamba patapita nthawi yaitali.

"Mwamumva," anatero a kalipentala. Silinali funso.

"Ndamva mawu. Sindikudziwa kuti ndi a yani."

"Ndi mwana wathu, mayi. Munkanena zoona masiku onsewa. Ndikanangotsegula."

Mawu amenewo mayiyo anawadikira zaka, koma atawamva sanamukomere ngakhale pang'ono.

Mawa lake mwini holo anasintha filimu. Akuti anthu anayamba kudandaula kuti ana sakugona, ndiye anabweretsa ya nkhonya ndi magalimoto. A kalipentala anafika pakhomo la holo, kuwerenga chikwangwani, kubwerera. Kunyumba anasamba, anavala malaya oyera amene mayiyo anawasokera kalekale, anadya mbale yonse mpaka kupukuta. Pogona anangokankha chitseko, mpiringidzo n'kuutsamiritsa kukhoma.

"Simukhoma?"

"Sindidzakhomanso," anayankha mofatsa, ndipo anagona tulo tofa nato, nsapato ataziika moyang'ana kukhomo.

Mayiyo tulo sitinamubwerere. Ankayang'ana malaya oyerawo mu mdima, ankayang'ana nsapatozo. Munthu wodwala masabata onsewa angachire tsiku limodzi? Uku sikunali kuchira, kunali kukonzeka ulendo. Anadzuka mwakachetechete, kunyamula mpiringidzo ndi manja awiri kuti usagunde, n'kuulowetsa m'malo mwake. Anabwerera pabedi.

Kunja mphepo inaleka. Agalu a mu msewu, amene sasowa chouwa, anangoti chete onse. Kuzizira kunalowa pansi pa chitseko, kukwawa pa simenti, kukwera miyendo ya bedi, kuzizira kouma kosanunkha mvula kapena fumbi. Ndipo m'munsi mwa chitseko, pafupi ndi pansi, chikhatho chinamenya thabwa.

A kalipentala anadzuka ngati sanagone n'komwe. "Lowa, mwana wanga," anatero ndi mawu achimwemwe. "N'chosakhoma."

Chitseko chinagwedezeka pang'ono, mpiringidzo n'kulira. Bamboyo anatsitsa miyendo kufunafuna nsapato. Mayiyo anawagwira mkono ndi manja onse awiri, zikhadabo kulowa m'mnofu. Mwana ankamufuna, Mulungu akudziwa. Koma dzanja lotambasuka lija anali ataliona, ndipo m'nyumbamo munthu amene anali atatsala naye anali mmodzi yekhayu.

"Ndakhoma ine," ananong'ona. "Musatsegule. Chonde, bambo, musatsegule."

Kugogoda kunaleka. Panakhala bata lalitali, moti mayiyo anayamba kumva kupuma kwa iwo awiri okha. Kenaka mawu aja anabwera kudzera pa mpata wa pansi pa chitseko, osakwiya, ongodabwa.

"Amayi, inunso?"